Chingerezi: Chipata Chopapatiza cha Ntchito za Boma ku Pakistan

Chaka ndi chaka, achinyamata zikwizikwi amene anamaliza maphunziro a kuyunivesite m'dziko la Pakistan amalemba mayeso a Central Superior Services, odziwika mwachidule kuti CSS. Mayesowa amayendetsedwa ndi bungwe la Federal Public Service Commission, ndipo ndiwo njira yolowera m'maudindo akuluakulu a boma monga utsogoleri wa zigawo, upolisi, ukazembe ndi ntchito zotolera msonkho. Osankhidwa amakaphunzitsidwa ntchito ku Civil Services Academy mumzinda wa Lahore. Koma ofika kumeneko ndi ochepa zedi. M'chaka cha 2016, mwa anthu 9,643 amene analemba, 202 okha ndiwo anakhoza, kutanthauza pafupifupi anthu awiri mwa 100 aliwonse.

Mayeso olembawo ali ndi mapepala 12, ndipo malikisi onse pamodzi ndi 1,200. Mapepala asanu ndi limodzi ndi okakamiza, ndipo awiri mwa amenewa ndi a Chingerezi: la chimangirizo, ndi lina la chifupikitso ndi kalembedwe. Lililonse lili ndi malikisi 100. Lamulo likuti munthu apeze malikisi osachepera 40 pa lililonse mwa mapepala awiri a Chingereziwa. Choncho amene wapeza 39 pa chimangirizo walephera mayeso onse, ngakhale atachita bwino chotani pa mbiri, malamulo kapena sayansi.

Ambiri m'dzikolo amadandaula kuti dongosololi limakondera ana a anthu olemera, amene anaphunzira m'sukulu zophunzitsa m'Chingerezi kuyambira ali aang'ono. M'chaka cha 2015 bwalo lalikulu la milandu linalamula boma kuti likwaniritse ndime 251 ya malamulo oyendetsera dziko a 1973, imene imati Chiurdu chikhale chiyankhulo cha ntchito za boma. Komabe mapepala awiri a Chingerezi aja sanachotsedwe. Owerenga a ku Malawi, kumene wolephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ya MSCE, sangadabwe nazo zimenezi.

Dandauloli lili ndi maziko ake, koma silifotokoza zonse, pakuti ngakhale oyankhula Chingerezi mosadodoma amagwa pa pepala la chimangirizo. Wolemba amapatsidwa mitu ingapo, nasankhapo umodzi. Amayenera kuyamba wandandalika mfundo zake, kenaka n'kulemba mawu pakati pa 2,500 ndi 3,000 m'maola atatu. Malangizo a pepalalo amanena poyera kuti malikisi amaperekedwa chifukwa cha kusanja bwino mfundo, kusachoka pa mutu, ndi kumveka bwino kwa zolembazo. Mawu ataliatali a m'dikishonale satchulidwapo.

Malipoti a ochonga mayeso, amene bungweli limafalitsa, akhala akubwereza dandaulo limodzi: ophunzira amabwera ndi nkhani zoloweza pamtima kuchokera m'mabuku okonzekeretsa mayeso, n'kuzikhuthula pa mutu uliwonse wooneka ngati wofanana nazo. Tiyerekeze kuti mutu ukufunsa ngati madamu akuluakulu angathetse vuto la madzi m'dziko la Pakistan. Woloweza amalemba zonse zimene akudziwa zokhudza madzi: chilala, kusefukira kwa mitsinje, kuchuluka kwa anthu. Zonsezo n'zoona, koma funso silinayankhidwe. Wolemba wosamala amanena maganizo ake m'ndime yoyamba, mwachitsanzo kuti madamu amathandiza koma paokha sangakwanire. Kenaka amatchula damu la Tarbela pa mtsinje wa Indus ndi la Mangla pa mtsinje wa Jhelum, amasonyeza mmene matope okokoloka amachepetsera madzi amene madamuwo angasunge, n'kufika pa madzi otayika m'ngalande zothirira mbewu. Ndime iliyonse imanyamula mfundo imodzi ndi umboni wake. Amaperekanso malo kwa otsutsana naye ndi kuwayankha, chifukwa wochonga akufuna kuona munthu amene mawa angalembere nduna malangizo.

Nthawi nayo ndi yofunika kuiwerengera. Amene wapatula mphindi 30 kuti aganize ndi kundandalika mfundo amatsala ndi mphindi 150, ndipo kuti afike pa mawu 2,500 ayenera kulemba mawu pafupifupi 17 pa mphindi iliyonse, ndi cholembera, osapuma. Dzanja losazolowera limatopa ola lachiwiri lisanathe, ndipo zilembo zimayamba kusawerengeka.

Pepala lachiwiri ndi limene munthu angathe kulikonzekera motsimikiza, chifukwa magawo ake ndi odziwika. Pali mafunso a kumvetsa nkhani, kukonza ziganizo zolakwika, kusiyanitsa mawu ofanana kamvekedwe monga principal ndi principle, ndi ena otero. Koma mtima wa pepalali ndi chifupikitso, chimene chili ndi malikisi 20, kuphatikizapo asanu a mutu umene wolemba amapereka yekha.

Mwa chizolowezi, chifupikitso chimakhala gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhani yoperekedwayo: nkhani ya mawu 300 itsike kufika pa mawu pafupifupi 100. Njira yokopa koma yolakwika ndiyo kudula chiganizo chimodzi apa, china apo, n'kulumikiza zotsalazo. Chotuluka chimakhala chigamba pa chigamba, ndipo wochonga amazindikira msanga mawu a mwini nkhani. Chofunika ndi kuwerenga kawiri kapena katatu mpaka munthu atatha kunena m'chiganizo chimodzi chimene mlembiyo akufuna kutsimikiza. Chiganizo chimenecho ndicho chimabala mutu. Zitsanzo, mafanizo ndi kubwereza zimachotsedwa. Timawu tosonyeza chifukwa, zotsatira kapena kutsutsa sitichotsedwa, popeza ndito timagwirizanitsa maganizo. Kutaya however mmodzi kungachititse mlembi kuoneka ngati akuvomereza chimene ankakana. Wofupikitsa saloledwanso kuwonjezera maganizo ake, ngakhale aone kuti mlembiyo walakwa. Kwa ophunzira anzeru, amene anazolowera kutsutsa, lamulo limeneli ndi lovuta kuposa ena onse.

Gawo lomasulira kuchokera m'Chiurdu kupita m'Chingerezi lili ndi malikisi 10 okha, koma limaulula zofooka zimene zimawononga mapepala onse awiri. Chiurdu chimaika mneni kumapeto kwa chiganizo, pamene Chingerezi chimamuika atangotha mwininkhani, kotero womasulira liwu ndi liwu amatulutsa chiganizo chopotoka. Chiurdu chilibenso timawu tofanana ndi a, an ndi the, monganso Chichewa chilibe, ndipo oyankhula ziyankhulo ziwirizi amatisiya pamene tikufunika, n'kutiika pamene sitikufunika. Zining'a ndiye msampha woposa: womasulira waluso amafunafuna tanthauzo lake, ndipo ngati Chingerezi chilibe chining'a chofanana, amangolinena tanthauzolo m'mawu wamba.

Pa zolakwika zoterezi kuwerenga kokha sikuthandiza mokwanira, chifukwa diso limadutsa pa the osamuona. Ndemanga za akonzi za m'nyuzipepala ya Dawn, imene ophunzira ambiri amawerenga pokonzekera, zimapindulitsa kwambiri munthu akazifupikitsa ndi dzanja lake, atayang'ana wotchi, kenaka n'kupereka pepalalo kwa wina wodziwa bwino chiyankhulocho kuti alichonge ndi inki yofiira. Zolakwika zobwerezabwereza za munthu mmodzi nthawi zambiri sizichuluka mitundu: kusagwirizana kwa mneni ndi mwininkhani, kusinthasintha nthawi ya mneni m'kati mwa ndime imodzi, ndi aperekezi monga in, on ndi at. Zikalembedwa m'kabuku kapadera, wophunzira amadziwa zoyenera kufufuza m'mphindi khumi zomalizira, mapepala asanatoleredwe.