Mukubwereketsa nyumba pa Airbnb? Msonkho wa alendo ndi udindo wanu

Masiku ano mu Lilongwe muno, makamaka ku Area 10, 43 ndi 47, nyumba zambiri zasanduka malo ogona alendo a masiku awiri atatu. Munthu wakonza boyizikota, waikamo bedi labwino, Wi-Fi ndi sola, wajambula zithunzi n'kuponya pa Airbnb kapena Booking.com, basi geni yayamba. Funso limene ndimalimva kawirikawiri kwa eni nyumbazi ndi lakuti: "Nanga si kampani ija imadula kale ndalama zake, ndiye msonkho suli momwemo?" Yankho ndi ayi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Imene amadula ija ndi komishoni, malipiro awo pokupezerani kasitomala. Msonkho ndi nkhani ina. Mukagona pa hotela kapena loji yolembetsedwa kuno ku Malawi, taonani bwino lisiti. Pamakhala VAT, yomwe imapita ku MRA, komanso 1 peresenti ya tourism levy, yomwe imapita ku thumba lotsatsira dziko lino kwa alendo. Amalipira ndi mlendo, koma wotolera ndi kukapereka ndi mwini malo.

Chimene chimasokoneza anthu n'choti kumaiko ena Airbnb imatoleradi yokha msonkho woterewu. Inayamba mu 2014 ku Portland ndi San Francisco, ndipo ku Paris inayamba mu Okutobala 2015. Izi zimatheka kumene kampaniyo yagwirizana ndi boma la mzinda kapena kumene lamulo likuikakamiza. Malawi sali pamndandanda umenewo. Ndiye mukaonera kanema wa pa YouTube wa munthu wa ku America akunena kuti "zonse amapanga okha", dziwani kuti akukamba za kwawo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mumatchaja K80,000 usiku umodzi, ndipo pamwezi nyumba yagonedwa masiku 20. Ndi K1,600,000 imeneyo, ndipo 1 peresenti yake ndi K16,000. Ikuoneka yochepa eti? Pachaka ikukwana K192,000. Ngati simunaiphatikize pamtengo, mlendo anapita kalekale kwawo, ndiye ituluka m'thumba mwanu. Komanso muziwerengera pa mtengo umene mlendo walipira pogona, osati pa zotsala zimene zalowa mu akaunti komishoni itachoka.

Nanga a support angakuthandizeni? Pa zina inde. Angakuonetseni potengera lipoti la ndalama zonse zimene mwapanga, kapena kufufuza malipiro amene achedwa. Koma musayembekeze kuti akuuzani msonkho umene mukuyenera kupereka ku Malawi. Malamulo a makampaniwa amanena poyera kuti kudziwa ndi kutsatira malamulo a msonkho akwanuko ndi udindo wa mwini nyumba. Langizo langa n'loti muziwalembera m'malo moimba foni, funso limodzi pa uthenga umodzi, muikepo nambala ya booking, ndipo yankho lawo mulisunge.

Kwa amene mukufuna kugona tulo tabwino, njira yake nayi. Pezani TPIN ku MRA, chifukwa ndalama za geniyi ndi phindu loyenera kulengezedwa ngati lina lililonse. VAT ili ndi malire ake: amalembetsa ndi amene malonda awo apachaka afika pamlingo woikika, ndiye funsani komweko ngati mwafikapo. Pitani ku ofesi ya zokopa alendo mukafunse za laisensi ya malo ogona ndi kaperekedwe ka levy. Osaiwalanso khonsolo ya mzinda pa laisensi ya bizinesi. Mukatero, konzani mtengo wanu kuti misonkho ikhale momwemo, ndipo mulembe zimenezo pa tsamba la nyumbayo, mlendo asadzadabwe pa geti. Kope nalonso likhalepo: tsiku, masiku ogona, ndalama, kuphatikizapo aja amene abwera kudzera pa WhatsApp n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba.

Ena anena kuti kanyumba kamodzi aboma sangakaone. Abale, nyumba yanu ili pa intaneti, zithunzi, mtengo ndi ndemanga za alendo zili poyera. Eni maloji amene amalipira zonsezi akuonanso, ndipo sangakhale chete mpaka kale. Kuli bwino mupite nokha mukafunse kusiyana n'kudikira kalata.