Mawu anu amayenda bwanji kuchoka ku Mitundu kukafika ku Joni?

Mayi wa ku Mitundu akafuna kulankhula ndi mwana wake amene ali ku Johannesburg, masiku ano sawononganso mayunitsi ambirimbiri. Amangogula bandulo ya intaneti, n'kuimba pa WhatsApp, basi. Koma kodi mawu akewo amadutsa kuti?

Mawu ndi mafunde a mpweya. Maikolofoni ya foni imawamva, kenako foni imawayeza kambirimbiri pa sekondi iliyonse n'kuwasandutsa manambala. Matelefoni akale a mawaya amayeza ka 8,000 pa sekondi. Manambalawo amachuluka kwambiri, choncho pamafunika pulogalamu yowapanikiza kuti asadye bandulo yonse. Pulogalamu yotereyi imatchedwa codec.

Akapanikizidwa, mawu amadulidwa m'timaphukusi. Kawirikawiri kaphukusi kamodzi kamanyamula mawu a mamilisekondi 20, kutanthauza timaphukusi 50 pa sekondi. Taganizirani mlimi wa ku Nathenje amene akutumiza mtedza m'tauni m'timatumba, tina pa minibasi, tina pa njinga yamoto. Tina tifika msanga, tina mochedwa, kena kagwa panjira. N'chimodzimodzi ndi intaneti. Mukamva mawu a m'bale wanu akudukaduka, dziwani kuti timaphukusi tina tasochera kapena tachedwa. Njira yonseyi dzina lake ndi VoIP.

Tsono chosangalatsa ndi ichi: zida zambiri za VoIP zinapangidwa poyera. Pulogalamu ya open source ndi imene malangizo ake onse aliyense angawerenge, kusintha ndi kugawira ena. Zili ngati mbewu yamakolo: mumabzala, mumasungako, mumagawira mnansi, osapempha chilolezo kwa kampani.

Chitsanzo choyamba ndi Opus, codec imene bungwe la IETF linavomereza mu 2012. Inaphatikiza ntchito ya Skype ndi ya gulu la Xiph.Org, ndipo imatha kuchepetsa deta imene ikudya netiweki ikafooka. WhatsApp payokha si ya open source, komabe mauthenga ake a mawu amagwiritsa ntchito Opus.

Chachiwiri ndi Asterisk. Mu 1999, Mark Spencer wa ku Alabama, ku America, ankafuna makina olumikizira matelefoni a kampani yake yaing'ono, koma anali odula kwambiri. Anangolemba pulogalamu yakeyake n'kuipereka kwa anthu onse. Anthu a m'mayiko ambiri anayamba kuikonza ndi kuwonjezeramo zina, mpaka kompyuta wamba inatha kugwira ntchito ya makina odula aja.

Kuno ku Africa sitinangoonerera ayi. Ku South Africa, gulu la Village Telco linapanga kabokosi kotchedwa Mesh Potato, kokhala ndi Asterisk m'kati. Timabokosi timeneti timalumikizana tokha pa Wi-Fi, ndipo anthu a dera limodzi amaimbirana osadutsira ku kampani ya mafoni. Ku Zimbabwe, bungwe la Kubatana linapanga Freedom Fone, yoti munthu aimbe ndi foni yamabatani n'kumvera uthenga wojambulidwa kale, ngakhale asadziwe kuwerenga.

Nanga zikutikhudza bwanji? Amene amalemba mapulogalamuwa ambiri amakhala kumene intaneti imathamanga. Sadziwa za kukwera pachulu pofunafuna netiweki, kapena za bandulo yothera pakati pa uthenga wa maliro. Ifeyo timadziwa. M'magulu a open source si onse amalemba code: ena amayesa pulogalamu n'kunena pamene ikulakwitsa, ena amaimasulira m'zilankhulo zawo. Wophunzira wa Fomu 3 wodziwa bwino Chichewa ndi Chingelezi akhoza kuthandizapo.

Yesani izi: tsegulani mafayilo a WhatsApp pa foni ya Android, mupeze uthenga wa mawu, muone mathero a dzina lake. Mupeza palembedwa .opus. Kenako, inu ndi mnzanu, yesani kuimbirana pa Jitsi Meet kapena Linphone, zomwe ndi za open source, ndipo mulembe deta imene yatha pa mphindi zisanu. Mutiuze zomwe mwapeza!