Galu Sadziwa Kunena Kuti "Ndagonja"

Kuyambila pamene mafilimu a Bruce Lee anafika m'dziko muno, palibe komboni kapena mudzi umene unasowapo katswili wake wa karate. Mwini wakeyo anamwalila mu Julayi 1973, filimu yake ya Enter the Dragon isanayambe n'komwe kuonetsedwa, koma dzina lake linapitiliza kukula. Ife amene tinakula m'zaka zotsatila tikumbukila bwino mmene anyamata anali kutulukila m'tinyumba toonetsela mavidiyo ku Matero, ku Chawama ndi ku Kapata, akuponya miyendo m'mwamba ndi kukuwa ngati amphaka. Kawili-kawili amene anali kulipila masewelawo anali mng'ono wao, nthoci ya kuseli kwa nyumba, kapena galu wa pakhomo.

Lelo tinyumba tija tinacepa, koma foni yalowa m'malo mwake. Pa foni ana athu amaona anthu a m'maiko akutali, ena atavala ndithu zovala zoyela za judo, akulimbana ndi agalu ao: kuwagwetsa cagada, kuwakola khosi ndi mkono, kuwapinda mwendo, oonelela ali pwepwete kuseka. Mwana amene wayamba kukonda masewela amenewa, ndipo alibe mnzake woyeselela naye panyumba, amayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwela pa galu ali gone pakhonde. Kodi makolo tiziseka nao, kapena tiziletsa? Yankho lathu ndi lakuti masewela omenyanawo, mwa malamulo ao omwe, salola zimenezi.

Nyama zinali aphunzitsi

Tiyambe ndi kuvomeleza cinthu cimodzi coona: pali ubale wakale pakati pa luso lomenyana ndi nyama. Ku China, mwambo wa amonke a ku Shaolin, m'cigawo ca Henan, umachula nyama zisanu zimene womenya nkhonya amatengelako nzelu: kambuku wamkulu wa mizele-mizele, nyalugwe, njoka, mbalame ya miyendo itali-itali yonga kakowa, ndi cinjoka ca m'nthano. Kwa wina anatengako mphamvu, kwa wina liwilo, kwa wina kuima nji ndi mwendo umodzi.

Galu nayenso sanatsalile. M'cigawo ca Fujian, kumwela kwa China, muli luso lochedwa Gou Quan, ndiko kuti nkhonya za galu. Luso limeneli limaphunzitsa munthu kumenyana ali pansi: kugwa mwadala, kugubuduka, kukola miyendo ya mdani ndi miyendo yako, ndi kumugwetsa iwe uli cigonele. Mbili imene aphunzitsi ake amasimba imati linayambila kwa amai odzipeleka a cipembedzo ca Buddha, amene sakanatha kulimbana ndi amuna amphamvu ataimilila. Iwo anaona mmene galu wocepa thupi amadziponyela pansi, n'kutembenuka, n'kudzukila mbali ina.

Koma taonani bwino, abale. Akatswili amenewo anali kuyang'ana nyama, kenaka n'kukayeselela ndi anthu anzao. Wophunzila nkhonya za galu amatsanzila galu; samenya galu.

Lamulo la pamphasa

Judo inayambitsidwa ndi Jigoro Kano, mphunzitsi wa ku Japan, amene anatsegula sukulu yake ya Kodokan mumzinda wa Tokyo m'caka ca 1882. Iye anaimika luso lake pa mizati iwili. Woyamba ndi kugwilitsa nchito mphamvu mwanzelu, osaimwaza. Waciwili ndi wakuti onse awili oseweletsana apindule ndi kukula pamodzi. Mnzako wa pamphasa wakubweleka thupi lake kuti uphunzilepo, ndipo uyenela kumubwezela lili lamphumphu.

N'cifukwa cake wophunzila watsopano sayamba ndi kugwetsa anthu. Amayamba ndi kuphunzila kugwa: kupinda khosi kuti mutu usagunde pansi, kumenya mphasa ndi mkono, kugubuduka ndi phewa. Pambuyo pake amaphunzila cizindikilo copatulika koposa m'masewelawa. Munthu akaona kuti wakoledwa khosi kapena mkono wapindidwa kufika pomva kuwawa, amamenya pamphasa kapena pathupi la mnzake kawili, ndipo mnzakeyo amasiya nthawi yomweyo. Ana aang'ono saloledwa n'komwe kukolana khosi kapena kupindana zigongono pa mipikisano. Ku karate nako, Gichin Funakoshi wa ku Okinawa, amene anakaonetsa lusoli ku Tokyo m'caka ca 1922, anali kuumilila kuti wa karate sayamba ndiye ndeu, ndi kuti zonse zimayamba ndi kutha ndi ulemu.

Ife a ku Zambia sitili alendo pa zimenezi. Tsiku limene dziko lathu linalandila ufulu, pa 24 Okutobala 1964, ndilo tsiku limene masewela a Olympic anatsekedwa ku Tokyo, masewela oyamba kukhalamo judo. Patangopita zaka ziwili, m'caka ca 1966, munafika muno Bambo Jude McKenna, wansembe wa cipani ca Capuchin wocokela ku Ireland, amene anaphunzitsa judo acinyamata a dziko lino kwa zaka zambili-mbili. M'caka ca 2019 boma la Japan linawapatsa ulemu wa Order of the Rising Sun cifukwa ca nchito imeneyo. Wansembe sakanatha moyo wake wonse pa luso la nkhanza. Anaonamo sukulu ya kudziletsa.

Tsopano tibwele naye galu pamphasa imeneyi. Kodi anavomela? Kodi anaphunzila kugwa? Kodi akamva kuwawa adzamenya pansi kawili? Galu sadziwa kunena kuti "ndagonja." Zinthu zonse zimene zimasandutsa ndeu kukhala masewela, iye alibe. Catsala ndi wamphamvu kuyesela mphamvu zake pa wofooka amene amamukhulupilila.

Thupi lake si lathu

Njila zonse za judo ndi karate anazikonzela thupi la munthu. Ife tili ndi fupa lolumikiza phewa ndi cifuwa, ndipo mkono wathu umazungulila mbali zonse. Miyendo yakutsogolo ya galu inagwilidwa ku thupi ndi minofu, ndipo inalengedwela kupita kutsogolo ndi kumbuyo pothamanga. Kuikokela kumbali, monga amacitila wopinda mkono wa mnzake, ndiko kung'amba minofu ndi kugulula mfundo. Bondo la galu lili ndi mtsempha umene umaduka msanga likapotoka. Kagalu kamene sikanakwanitse caka, mafupa ake amakhala akali kukula, ndipo akavulala kumapeto kwake mwendo ukhoza kukula wokhota mpaka kale-kale. Kukola khosi n'koopsa kuposa zonse, maka-maka kwa tiagalu tocepa thupi, timene kholingo lao ndi lofewa.

Ngakhale kuti galu salankhula, ali nazo njila zodandaulila, koma ambili a ife sitinaziphunzile. Amayamba ndi kunyambita milomo, kuyasamula ngakhale alibe tulo, ndi kupotoza mutu kuyang'ana kumbali. Kenaka amagoneka makutu kumbuyo ndi kupanila mcila pakati pa miyendo. Zikapitilila amauma thupi lonse, maso ali tong'o. Potsiliza amabangula capansi-pansi ndi kuonetsa mano. Akulu anati galu wamkota sakandila pacabe, sabangulanso pacabe. Amene amamenya galu cifukwa cobangula akumuphunzitsa kuti tsiku lina adzalume popanda kucenjeza. Ndipo galu wamkulu ali ndi mano 42, pamene nkhope ya mwana wolimbana naye pansi ili pafupi peni-peni ndi kamwa lake.

Ena amati kugwetsa galu cagada ndi kumupanikiza kumamuonetsa kuti mwini nyumba ndani. Akatswili a zanyama anasiya kale ganizo limeneli. M'caka ca 2009, Dokotala Meghan Herron ndi anzake a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America anafalitsa zimene anapeza atafunsa eni agalu amene anabwela ku cipatala cao ca ziweto. Mwa agalu 100 alionse amene anamenyedwa ndi dzanja kapena mwendo, 43 anabwezela mwaukali. Mwa amene anagwetsedwa cagada ndi kupanikizidwa, anali 31. Nkhanza sizinabale ulemu, zinabala mano.

Ciwewe sicisewela

M'dziko ngati lathu nkhaniyi ili ndi mbali ina yoopsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matenda a ciwewe amapha anthu pafupi-fupi 59,000 caka ciliconse, ambili a iwo mu Africa ndi Asia. Pafupi-fupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo anai mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kacilombo kake kamakhala m'malovu, ndipo kamalowa pa bala la kulumidwa, pa kukalidwa, ngakhale pa cilonda cimene galu wanyambita. Zizindikilo zikangoonekela, munthu sacila.

Mwana amene walumidwa pa masewela amene akudziwa kuti ndi oletsedwa amabisa bala poopa ndodo. Apa ndipo pagona imfa. Tiwauze ana athu momveka bwino kuti wolumidwa kapena kukalidwa ndi galu, ngakhale wa pakhomo pomwe, anene msanga ndipo sadzamenyedwa. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambili kwa mphindi 15, ndipo mwanayo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Galu aliyense wa pakhomo alandile katemela wa ciwewe kwa a zaziweto, ndipo cikalata cake cisungidwe bwino. Akatswili amati agalu 70 mwa 100 alionse a m'dela akalandila katemela, matendawa amaleka kufalikila.

Eklezia akutiphunzitsa ciani?

Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka m'caka ca 1992, amakamba za nyama pansi pa lamulo lacisanu ndi ciwili, pa ndime 2415 mpaka 2418. Amatikumbutsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu ndipo tiyenela kuzikomela mtima. Amalola kuti tizidye, tizivale zikopa zake ndi kuzigwilitsa nchito. Amacenjezanso kuti tisaonongele nyama cuma cimene cikanathandiza anthu osauka, ndiponso tisazipatse cikondi coyenela munthu yekha. Koma amanenetsa kuti kuzunza nyama popanda cifukwa kumatsutsana ndi ulemelelo wa munthu. Tamvetsani mau amenewo: wonyozeka ndi wozunzayo. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya m'caka ca 2015, anaonjezela kuti mtima wa munthu ndi umodzi, ndipo nkhanza zimene ticitila zolengedwa zina sizicedwa kuonekela pa anthu anzathu. Malamulo a dziko lathu naonso amaletsa kucitila ziweto nkhanza.

Apa ndipo pali nkhawa yathu yaikulu monga makolo. Mnyamata amene waphunzila kuti kulila kwa galu ndi coseketsa, ndi kuti wofooka akamapalapata ndiye kuti masewela akoma, adzakhala mwamuna wa mwana wa eni ake, ndi tate wa ana. Kuongola mtengo m'poyamba.

Nanga ticite ciani?

Sitikunena kuti mwana aleke kukonda karate, kapena kuti galu athamangitsidwe. Mwana amene ali ndi cidwi timupezele mphunzitsi weni-weni ndi anzake a msinkhu wake, kusukulu, ku kalabu, kapena ku holo ya parishi. Miphakati yathu ndi magulu a acinyamata akhoza kuthandiza pa zimenezi. Safunsa anadya phula: luso lophunzila pa foni popanda woongolela limathela ku cipatala.

Galu naye ali ndi malo ake pa maphunzilowo. Womenya aliyense amafunika mpweya wautali, ndipo palibe mnzake wothamanga naye wokhulupilika kuposa galu. Athamange m'mamawa kapena madzulo, osati dzuwa la Okutobala lili pamutu, pakuti galu amadziziziletsa ndi kupuma wefu-wefu ndipo amatenthedwa msanga. Angakokane cingwe colimba, galuyo ataphunzitsidwa kusiya akamva mau akuti "siya." Mwana angaphunzitse galu kukhala pansi ndi kudikila pamene iye akuyeselela mayendedwe ake, n'kumupatsa kacakudya akamvela. Nchito imeneyi imafuna kuleza mtima kwa masabata, ndipo kuleza mtimako ndiko lamba wakuda weni-weni.

Koposa zonse, mwanayo akhale pansi ndi kuyang'ana agalu awili akusewela, monga anacitila akale a ku Fujian. Adzaona kuti asanayambe, wina amatsitsa cifuwa pansi, matako ali m'mwamba, mcila ukugwedezeka, monga mmene a judo amawelamilana asanagwilane. Adzaona galu wamkulu akudzigoneka dala kuti wamng'ono amukwele. Adzaona kuti amagwilana ndi mano koma osaboola khungu, ndipo wina akalila "kwee," mnzake kawili-kawili amabwelela m'mbuyo. Zimene Jigoro Kano anaphunzitsa ku Kodokan, Mlengi anazilemba kale m'cibadwa ca ciweto cimene timacipatsa mkute.

Pa 28 Seputembala caka ciliconse dziko lonse limakumbukila nkhondo yolimbana ndi ciwewe, ndipo pa 4 Okutobala Eklezia amacita cikondwelelo ca Francis Woyela wa ku Assisi, amene anali kuchula zolengedwa zonse kuti abale ndi alongo. Masiku awiliwa ali pafupi-pafupi, ndipo atipatsa mpata wabwino. Banja lililonse lione ngati galu wake analandila katemela, ndipo madzulo ena, titatha kupemphela, tikambilane ndi ana athu za mphamvu zimene Mulungu anawapatsa, ndi za onse ofooka amene adzaikidwa m'manja mwao.