Njovu ndi ya Boma, Munda ndi Wanu: Mmene Bodi ya Zachilengedwe Imagwirira Ntchito kwa Mphuka

Dera la Mfumu Mphuka lili ku Zambia, m'boma la Luangwa, lomwe akuluakulu amalitchulabe kuti Feira, kumene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Kumadzulo kuli nkhalango ya Lower Zambezi National Park, ndipo malo ambiri ozungulira midzi ali mu Rufunsa Game Management Area, momwe anthu ndi nyama amakhalira limodzi.

Mvula ikavuta, monga mu 2024 pomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza pa 29 February kuti chilala chagwetsa dziko pa ngozi, onse amathamangira kumtsinje. Njovu zimalowa m'madimba, asodzi amachuluka, mitengo imagwa chifukwa cha makala. Pamenepo funso limakula: ndani ali ndi mawu pa chuma chimenechi?

Kodi nyama ndi za yani?

Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limati nyama zonse zakutchire zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko. Amene amaziyang'anira ndi dipatimenti ya National Parks and Wildlife, yomwe idalowa m'malo mwa bungwe lakale la ZAWA mu 2016. Koma lamulo lomwelo limapatsa anthu okhala ndi nyamazo khomo lolowera: bodi yotchedwa Community Resources Board, mwachidule CRB. Kwa Mphuka ilipo yake, kwa Mfumu Yaikulu Mburuma ilinso yake.

Amakhalamo ndani?

Nkhani imayambira m'midzi. Midzi yoyandikana imapanga gulu lotchedwa Village Action Group, kapena VAG, ndipo anthu amasankha komiti yawo. Kuchokera m'magulu amenewa mumatuluka mamembala a bodi, osachepera 7 komanso osapitirira 10. Pa iwowa amawonjezerapo woimira khonsolo ndi woimira mfumu. Mfumu ndi kholo la bodi: imalangiza, imayanjanitsa, koma siyisankhira anthu owaimira. Chisankho chimachitika pakatha zaka zitatu. Amene sadapite kukavota ku VAG wapereka mawu ake kwa mnzake.

Ntchito yake ndi yotani?

Bodi imalemba ntchito asikauti a m'midzi olondera nyama. Imakhala nawo pa zokambirana, pamodzi ndi dipatimenti, makampani osakitsa nyama kapena obweretsa alendo akamafuna malo. Imatenga mbali pokonza dongosolo la kagwiritsidwe ntchito ka malo, lonena kuti apa polima, apa pomanga, apa njira ya njovu yopita kumadzi. Dongosololi limaoneka ngati pepala wamba, koma ndilo limatsimikiza ngati dimba lanu lili pamalo oyenera kapena pakati pa msewu wa nyama.

Ndalama zimayenda bwanji?

Malinga ndi ndondomeko yomwe yakhala ikutsatidwa kwa zaka zambiri, pa ndalama zolipirira nyama yosakidwa theka limabwerera kwa anthu: 45 peresenti ku bodi, 5 peresenti kwa mfumu. Zikafika ku bodi zimagawidwa patatu: 45 peresenti yotetezera nyama, kuphatikizapo malipiro a asikauti, 35 peresenti ya chitukuko monga mijigo, zipinda zophunzirira ndi zipatala zazing'ono, ndipo 20 peresenti yoyendetsera ofesi.

Vuto lodziwika m'dziko lonse ndi lakuti ndalamazi zimayamba zalowa m'thumba lalikulu la boma, ndipo kangapo konse zachedwa kutuluka. Vuto lina ndi lakuti lamulo la 2015 silipereka chipukutamisozi kwa amene njovu yamudyera chimanga kapena ng'ona yamugwirira mbale wake. Phindu limagawidwa kwa onse, koma chitayiko chimagwera banja limodzi. Apa ndi pomwe pagona ndale za nkhaniyi, ndipo amene angasinthe lamulo ndi Nyumba ya Malamulo, kumene dera lino limaimiridwa ndi phungu wa Feira.

Nanga nsomba ndi mitengo?

Izi zili ndi malamulo ake. Fisheries Act ya 2011 ndiyo imayendetsa usodzi, ndipo chaka chilichonse boma limatseka usodzi m'madzi ambiri kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane. Forests Act ya 2015 imalola anthu kupanga gulu loyang'anira nkhalango yawo, mfumu itavomereza ndipo boma litalilembetsa. Gulu lotere lingachite pangano ndi makampani ogula kaboni, omwe amalipira kuti mitengo isadulidwe chifukwa imasunga mpweya wotenthetsa dziko. Malonda amenewa ali pansi pa Green Economy and Climate Change Act ya 2024. Musanavomereze pangano lotere, funsani kuti ndi la zaka zingati, malo otsekedwa ndi ati, komanso ngati mudzaloledwabe kutola masau, malambe ndi nkhuni.

Za kutsidya

Msodzi wa kuno akapachika ukonde pomwe wa kutsidya akuwedzabe, nsomba yomwe wailekerayo imagwidwa ndi wina. N'chifukwa chake maiko amafunika kumvana. Pangano lokhazikitsa Zambezi Watercourse Commission lidasainidwa mu 2004 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2011. Mu 2024 Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique adasainirana pangano la ZIMOZA loyang'anira pamodzi zachilengedwe za dera lokumanirana maiko atatuwa, ndipo boma la Luangwa lili momwemo.

Zimene mungachite

Dziwani VAG yanu ndi amene amakuimirani ku bodi. Pamsonkhano pemphani kuti awerenge poyera ndalama zomwe zidalowa, tsiku lomwe zidalowa ndi zomwe zidagula. Nyama zikawononga, nenani msanga kwa asikauti ndi a dipatimenti, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa, pakuti dandaulo losalembedwa silifika ku Lusaka. Amayi ndi achinyamata, amene mumatunga madzi pomwe pali ng'ona ndi kugona kumunda mukulondera njovu, imani nawo pa chisankho cha bodi. Bodi ndi yanu, ndipo ili ndi udindo woyankha mafunso anu.