Ulendo wa geni ku Dar: maso nawo apikuleko

Basi yonyamuka ku Mbeya m'bandakucha isanadutse n'komwe pa Uyole, kondakitala anali atayatsa kale kanema wolendewera kudenga. Kunja kunali kukadali mdima, koma King Majuto, nkhalamba yanthabwala ya ku Tanzania imene inatisiya mu 2018, anali atayamba kale kuthyola anthu nthiti. Alamu anga, omwe akhala akupikula zitenje ndi nsapato ku Dar es Salaam n'kumagulitsa pamsika wa pa boma ku Chitipa, ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Chiswahili changa n'cha pamalire, chogulira sopo ndi mafuta ophikira, koma nane ndinaseka. Mwamuna wobisala kunsi kwa bedi pothawa mwini ngongole safuna womasulira.

Umu ndi mmene anthu ambiri a ku Chitipa amapitira kunja. Palibe za ndege. Kwa munthu wa kwa Mwaulambia kapena kwa Kameme, Tunduma ali pafupi kuposa Mzuzu. Umadzera pa Mbilima, kuwoloka Songwe, kutulukira pa Isongole m'boma la Ileje, ndipo pomwepo wotchi uikankhe ndi ola limodzi. Ukhalenso tcheru ndi kawerengedwe kawo ka nthawi: wogulitsa tikiti akatchula ola la 12 m'mawa, akunena 6 koloko. Amene sanauzidwe zimenezi amapeza basi itapita kalekale.

Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar ndi makilomita oposa 800, tsiku lathunthu matako ali pampando. N'chifukwa chake timafilimu tatifupi timeneti tili ngati ndiwo zapaulendo. Kamodzi kamatha m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ukawodzera pa Makambako n'kudzidzimuka pa Mafinga sunataye kanthu, kena kayamba. Akatha Majuto pamabwera wanthabwala wina, Joti, amene lero ndi gogo wamwamuna, mawa mtsikana wamatama, mkuja mwana wasukulu. Nkhani zake n'zapakhomo: lendi, mitala, apongozi, foni ya mwamuna imene mkazi waigwira mwini wake ali kubafa.

Vuto limabwera msewu ukayamba kupikisana ndi kanema. Pa Kitonga, basi ikamatsetsereka m'mapiri mokhotakhota, phompho lili pambali, amayi ena amatseka maso n'kuyamba kupemphera. Kutsogolo kuli chigwa cha milambe yosawerengeka. Kenako msewu umalowa m'kati mwenimweni mwa nkhalango ya Mikumi, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo m'mbali muli zikwangwani zolemba chindapusa cha wogunda nyama. Ndinaona mbidzi, anyani ndi akadyamsonga atatu ataima chapafupi ngati akudikira basi yawo. Azungu amalipira madola kuti aone zimenezi. Ndinagwedeza alamu kuti asuzumire pawindo. Anangoponyako diso kamodzi n'kubwerera kwa Joti. Anati adutsapo kambirimbiri, ndipo kadyamsonga sanawonjezepo phindu pa belo.

Sindinawatsutse. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wageni aliyense amawerenga shilingi ngati mankhwala. Tsiku limodzi lowonjezera ku Dar ndi ndalama ya chipinda, ya chakudya, ndiponso benchi yotseka kumudzi. Choncho ambiri amatsika basi pa siteshoni ya Magufuli ku Mbezi, kulunjika ku Kariakoo, kupikula, kumanga katundu, n'kubwerera. Ena apita maulendo makumi angapo koma nyanja ya mchere sanaiponde.

Ife mwayi unatigwera chifukwa katundu wina anachedwa kutuluka m'sitolo. Tinapeza theka la tsiku lopanda chochita, ndipo ndinawanyengerera alamu kuti tikwere basi zothamanga zija amati mwendokasi, tikaone tauni.

Pamphambano ina pa Samora Avenue pali chipilala cha msilikali atagwira mfuti yokhala ndi mpeni kunsonga. Anachiimika mu 1927 pokumbukira Aafirika amene anamenya nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Anthu amangochizungulira osachiyang'ana. Koma ukayandikira, m'mbali mwake muli zithunzi zosula, ndipo pambali pa asilikali pali amuna osenza katundu. Amenewa ndi aja kwathu tinkawatcha amtengatenga. Angerezi ankati Carrier Corps, ndipo dzina loti Kariakoo linachokera pomwepo, chifukwa gulu limeneli linali ndi msasa pamalo pamene lero pali msika.

Nkhondo imeneyo sinali yakutali kwa ife. Mu Seputembala 1914 Ajeremani ndi Angerezi anawombana pa Karonga. Chitipa nthawi imeneyo inkatchedwa Fort Hill, pa msewu wa Stevenson wolumikiza nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika, ndipo asilikali atalowera kumpoto mu 1916, chakudya ndi zipolopolo zawo zinayenda pamitu ya anthu akuda. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Nditawafotokozera alamu, anakhala chete kanthawi, kenako anaseka pang'ono, n'kunena kuti ndiye kuti ntchito sinasinthe: agogo ankasenzera Mngerezi, iwo akusenzera sukulu fizi. Anandipatsa foni kuti ndiwajambule ataima pamenepo.

Kuchoka apo tinatsikira kumsika wa nsomba wa Kivukoni, kumene fungo limakulandira usanaone nsomba, n'kukwera pantoni yowolokera ku Kigamboni. Mtengo wake sufika n'komwe pa wa mbale ya chipisi chokazingira mazira. Uli pamadzi umaona zombo zikuluzikulu zikulowa padoko, pomwe pamadzera mafuta ambiri ndi magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito obwera ku Malawi. Alamu anaviika chala m'madzi n'kulawa. Mcheredi.

Kutsidya kwa nyanjayo, maola awiri pa boti, kuli Zanzibar, kumene chaka ndi chaka kumachitika chikondwerero cha mafilimu cha ZIFF, ndipo anthu amaonera panja usiku m'linga lakale la Ngome Kongwe. Mafilimu aafupi ali ndi mpikisano wawo kumeneko. Thumba lathu silinatilole. Koma madzulo ake m'chipinda chogona alendo, alamu akuwerenga malisiti, ine ndinkaganiza za mnyamata wa pamsika wa Chitipa amene amabena nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi. Ali ndi za ku Tanzania, za ku Nigeria, za karate zomasuliridwa m'Chichewa. Mufunseni kafilimu ka m'Chilambya, Chindali, Chisukwa kapena Chinyiha, muone mmene akandire m'mutu.

Sikuti Amalawi sitidziwa kujambula. Joyce Mhango Chavula anapambana mphotho ya AMVCA ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yotchedwa Lilongwe, ndipo Shemu Joyah anatsatira mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Koma amenewo ndi mafilimu aatali, odya ndalama. Zimene zimasekesa basi yonse kuyambira Mbeya mpaka Morogoro n'zapakhonde la nyumba, anthu atatu, kamera imodzi. Boma la Chitipa, lolankhula zinenero zambiri chonchi, lokhala ndi minda ya khofi ya ku Misuku, nkhalango ya Mughese, mapiri a Mafinga ndi nthabwala za pa Mbilima pamene munthu amatsutsana mtengo m'zinenero zitatu, silingasowe nkhani ya mphindi khumi.

Pobwerera katundu anali wodzaza, memori khadi ya alamu yodzazanso ndi Joti. Chithunzi cha pachipilala chija anachitsukitsa, ndipo chili pabenchi pawo, pakati pa nsapato. Inu amene mukunyamuka sabata yamawa, katundu akachedwa musakangokhala pa belo. Kuchoka ku Kariakoo kukafika pachipilalacho ndi ulendo wapansi wa theka la ola.