MALIKISI A NGONGOLE: NAMBALA YA PA KHADI SINENA ZONSE

Wagolosale aliyense ku Ulongwe kapena ku Zobwe ali ndi kabuku kolembamo anthu otenga sopo ndi mchere pa ngongole. Wobweza msanga amapatsidwanso, wozembazemba amabwerera chimanjamanja. Ku America kabuku kotere kali m'makompyuta, ndipo mbiri ya munthu pobweza ngongole amaisandutsa malikisi, monga a mwana wasukulu.

Malikisi odziwika kwambiri ndi a kampani ya FICO, omwe anayamba mu 1989. Amayambira pa 300 kulekeza pa 850. Wamalikisi ochepa amamanidwa ngongole, kapena amapatsidwa pa chiwongoladzanja chokwera. Mbiri yowerengerapo malikisiwa imasungidwa ndi makampani atatu: Equifax, Experian ndi TransUnion.

Kumeneko anthu ambiri amagula katundu ndi khadi la ngongole, n'kumalipira pakutha pa mwezi. Mu 2013 kampani ya makhadi ya Discover inayamba kuonetsa makasitomala malikisi awo kwaulere, ndipo mabanki ena anatsatira. Anthu anasangalala, koma ena atapita kukapempha ngongole ya nyumba kapena ya galimoto anapeza kuti wokongoza ali ndi nambala ina.

Zifukwa zake zilipo zingapo. Khadi limaonetsa malikisi ochokera ku kampani imodzi yokha mwa zitatu zija, pamene mabuku a makampaniwa safanana nthawi zonse. Makhadi ena amaonetsa malikisi a mtundu wina otchedwa VantageScore, omwe anayamba mu 2006. Ngakhale FICO yomweyo ili ndi mitundu yambiri: okongoza galimoto ali ndi yawo, okongoza nyumba akhala akudalira yakale. Komanso nambala ya pa khadi imatha kukhala ya mwezi watha. Choncho nambalayo si yabodza, koma ndi muyeso wa mbale ina.

Vuto lalikulu ndi pamene buku lenilenilo lalakwika. Mu 2013 bungwe la boma la America loona za malonda, FTC, linalengeza kuti munthu mmodzi mwa asanu alionse amene anafufuzidwa anali ndi cholakwika m'mbiri yake. Mu 2022 Equifax inavomera kuti kwa milungu itatu makompyuta ake anatumiza malikisi olakwika kwa okongoza ndalama.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a m'maboma a m'malire. Ku South Africa, komwe abale ambiri akugwira ntchito, Experian ndi TransUnion aliko, ndipo amalemba za otenga zovala kapena mipando pa ngongole m'masitolo. Lamulo la ngongole la dzikolo la 2005 limalola munthu kuona mbiri yake kwaulere kamodzi pa chaka, ndi kudandaula ngati yalakwika. Kuno ku Mozambique, mabanki amapereka maina a angongole awo ku kaundula wa Banco de Moçambique, ndipo wopempha ngongole amayamba wafufuzidwa m'menemo.

Kwa wagolosale munthu amatha kuloza ndi chala pomwe palembedwa molakwika, mboni zili pomwepo. Kompyuta ilibe mboni zotere. Mboni ya munthu ndi malisiti ake. Amene wamaliza kubweza ngongole asunge mapepala onse pouma, ndipo asanapemphe ina ayambe wafunsa zimene zalembedwa pa dzina lake.