Zombo Zosaka Mphepo Popanda Woziyendetsa

Lero tikamba za magetsi opangidwa pakati pa nyanja ya mchere, koma tiyambira kwathu konkuno, ku Lisasadzi m'boma la Kasungu. Mlimi wa fodya kumeneko amadziŵa kuti malole onse atati afike ku okushoni ya Chinkhoma m'maŵa umodzi, ambiri angagone pamzere, mabelo naonongeka. Nchifukwa chake aliyense amapatsidwa tsiku lake. Musunge mfundo imeneyi.

Akatswiri a ku England ndi ku France akuyesa zombo za matanga zopanda munthu m'kati. Chombo chikamathamanga ndi mphepo, madzi amazunguza chipangizo chokhala kunsi kwake, monga momwe madzi a Shire amazunguzira makina pa Nkula. Magetsiwo sangabwere kumtunda pa waya, choncho amaŵasunga m'mabatire, kapena amagaŵa nawo madzi kuti apeze mpweya wa hydrogen, womwe amauthira m'matanki. M'chaka cha 2022 kampani ya Drift Energy ya ku England idaonetsa pa kabwato kakang'ono kuti zimenezi nzotheka. Ku Nantes, kampani ya Farwind idayamba kufufuza njira yofananayo.

Ubwino wake ngwakuti makina a mphepo ozikidwa pamalo amodzi amadikira mphepo, pamene chombo chimaitsata kumene ili.

Tsono chovuta chili pa kuchuluka. Chombo chimodzi sichingaunikire mudzi waukulu. Pafunika zombo zambiri. Zonse zikathamangira kumene kompyuta yaona mphepo yabwino, zakutsogolo zimatchingira zinzake mphepo, mwinanso nkuwombana. Matanki akadzaza nthaŵi imodzi, zonse zifika padoko pamodzi ngati malole aja, ndipo chombo choima pamzere sichipanga kanthu. Kotero kompyuta ya kumtunda iyenera kuŵerenga za nyengo ya masiku akudzawo, nigaŵira chombo chilichonse njira yake ndi tsiku lake lotsitsa katundu. Iyeneranso kuzipatutsa kwa asodzi ndi ku namondwe, pakuti mulibe munthu woti atsitse tanga.

Mwina mufunsa za Nyanja ya Malaŵi. Matanga si achilendo kumeneko. Zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaoloka nawo. Koma ine ndikukayika. Nyanjayi njopapatiza, malo osakira mphepo ngochepa, ndipo mwera umaomba mwamphamvu miyezi yachisanu yokha, nthaŵi yomwe asodzi omwe amakokera mabwato awo kumtunda ukakula.